Kuyerekeza mbalame ya ku Thyolo ndi lemur wa ku Madagascar: njira yophunzitsira ana a kalabu

Aphunzitsi anzanga amene mumayang'anira makalabu a zachilengedwe m'sukulu za sekondale, nayi ntchito imene ana angaigwire masana angapo akaweruka. Zofunika ndi pepala lalikulu limodzi, mapensulo, ndi foni yokhala ndi bandulo. Mumatenga zamoyo ziwiri zimene zili pangozi yoti zingathe, zosafanana ngakhale pang'ono, n'kuziika pambalipambali. Choyamba muone magulu amene sayansi inaziikamo, kenako muone zimene zikuzitha ndi amene akuziteteza.

Ine ndimatenga Thyolo alethe, mbalame yoimba ya m'nkhalango za m'mapiri a kum'mwera kwa dziko lathu lino, ndi lemur wa mchira wamizeremizere wa ku Madagascar, uja ana ambiri anamuonapo m'makatuni koma sadziwa kuti kwawo n'kuti. Ndinasankha ziwirizi dala. Pa Red List, mndandanda woonetsa kukula kwa ngozi yoti chamoyo chingathe, umene amalemba ndi bungwe loteteza chilengedwe la IUCN, lemur ali pa Endangered pomwe mbalameyi ili pa Vulnerable, sitepe imodzi pansi pake. Mwana akangoona zimenezi amathamangira kunena kuti lemur ndiye ali pamoto, mbalame ingathe kudikira. Ntchito yonseyi ndi yoti mwanayo asayankhe msanga.

Dzina la sayansi likhale loyamba

Musalole ana kulemba mawu oti lemur okha pamwamba pa pepala. Ku Madagascar kuli mitundu ya malemur yoposa 100, kuyambira tating'onoting'ono tokwana m'manja mpaka indri amene amalemera makilogalamu oposa 6. Wathuyu ndi Lemur catta, dzina limene Carl Linnaeus anamupatsa mu 1758. Eniake ku Madagascar amamutcha maki. Amalemera makilogalamu awiri ndi pang'ono, nkhope yoyera, maso ozunguliridwa ndi khungu lakuda, ndipo mchira wake, wa mizere yakuda ndi yoyera mosinthanasinthana, ndi wautali kuposa thupi.

Mbalameyi ndi Chamaetylas choloensis, ndipo anailemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi William Lutley Sclater mu 1927. Apa pali msampha umene umadya bandulo pachabe. Mabuku akale amati Alethe choloensis, ena Pseudalethe choloensis, ndipo dzina lachingerezi amalilemba kuti Cholo alethe, potsata momwe atsamunda ankalembera Thyolo. Ana alembe mayina onsewa pakona pa pepala asanayambe kufufuza, apo ayi abwera kudzakuuzani kuti apeza mbalame zitatu. Maonekedwe ake ndi osadzionetsera: msana wofiirira, pakhosi poyera mbee, chifuwa chotuwa, ndi timadontho toyera kunsonga kwa nthenga za kumchira. Kukula kwake n'kofanana ndi pumbwa.

Tsikani makwerero, muime pamene njira zasiyana

Gawani pepala pakati, mbalame kumanzere, lemur kumanja, ndipo mulembe mizere ya kingdom, phylum, class, order, family, genus ndi species monga momwe amaphunzirira mu bayoloje. Musiye mpata pakati pa order ndi family, chifukwa pali mzere wina wofunika umene silabasi siutchula kawirikawiri.

Mizere iwiri yoyamba ndi yosavuta. Zonse ndi Animalia, zonse ndi Chordata. Pa class ndi pamene zasiyana: mbalame ndi Aves, lemur ndi Mammalia. Auzeni ana ajambule mzere wonenepa pamenepo, ndipo alembe kuti makolo a mbalame ndi makolo a nyama zoyamwitsa anasiyana zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo. Pansi pa mzerewo palibenso chofanana, ndiye kuyerekeza kumasintha. Simukufunsanso kuti zikufanana pati. Mukufunsa kuti chilichonse chili ndi abale angati pa sitepe iliyonse, ndipo abalewo ali kuti.

Pa order, mbalameyi ili mu Passeriformes, gulu limene muli mitundu yoposa theka la mbalame zonse za padziko lapansi. Zala zitatu zimaloza kutsogolo, chimodzi kumbuyo, phazi logwirira nthambi. Mu mpata munasiya uja mulembe Passeri. Izi ndi mbalame zoimba zenizeni, zimene chiwalo chake chotulutsira mawu, chotchedwa syrinx, chili ndi minofu yambiri yochiwongolera. Ndiye tikamati Thyolo alethe ndi mbalame yoimba sitikuyamikira mawu ake. Tikunena gulu lake. Khwangwala nayenso ali mu Passeri, ndipo ana amaseka akamva zimenezo.

Lemur ali mu Primates, limodzi ndi nyani, pusi ndi ife tomwe. Apa ana pafupifupi onse amalemba kuti lemur ndi mtundu wa pusi, ndipo mpamene mzere wowonjezera uja umagwira ntchito. Primates anagawika pawiri. Anyani, apusi ndi anthu ali mbali imodzi. Lemur ali mbali inayo, Strepsirrhini, ya mphuno yonyowa, mano akutsogolo a m'munsi olinganizika ngati chipeso chopesera ubweya, ndi chikhadabo chimodzi chokandira pa chala chachiwiri cha kuphazi. Funsani ana kuti kwathu kuno ndi nyama iti imene ili mbali imeneyi. Akasowa, akumbutseni kulira kwa usiku kumene kumamveka ngati kwa khanda m'mitengo ya kumanda kapena ya kudambo. Ndi changa. Changa ndiye mbale wa lemur wapafupi kwambiri amene mwana wa ku Malawi angamuone ndi maso ake. Ndimakonda mphindi imeneyi kuposa zonse, chifukwa nyama ya pa kanema ija imasanduka mbale wa nyama imene agogo awo amaidziwa.

Family ya lemur ndi Lemuridae, ndipo monga malemur ena onse imapezeka mwachilengedwe ku Madagascar kokha. Chilumbachi chinalekana ndi Africa zaka pafupifupi 160 miliyoni zapitazo, kale kwambiri malemur asanakhaleko, ndipo akatswiri ambiri amati makolo awo anawoloka nyanja atakwera pa zinyalala za mitengo zokokoloka. Pamene pafupikitsitsa pakati pa Mozambique ndi Madagascar pali makilomita opitirira pang'ono 400.

Family ya mbalameyi ndi Muscicapidae. Kale ankaiika mu Turdidae, koma atayeza DNA anaisamutsa, ndipo n'chifukwa chake dzina la genus linasinthasintha. Musabise zimenezi poopa kusokoneza ana. Ndi bwino adziwe kuti magulu amenewa amakonzedwanso umboni watsopano ukapezeka. Mbale wake mu family imeneyi amene ana a m'tauni amamumva tsiku ndi tsiku ndi mbalame ya chifuwa chofiirira ndi mzere woyera pamwamba pa diso, imene imaimba mokweza m'bandakucha m'mipanda ya maluwa, imene mabuku amati white-browed robin-chat.

Mzere wa genus ndiwo wolemera kwambiri pa nkhani yoteteza. Mu genus Lemur muli mtundu umodzi wokha, catta yemweyu. Akatha iyeyu, genus yonse yafafanizika. Mu Chamaetylas muli mitundu inayi, ndipo umodzi mwa iyo, Chamaetylas fuelleborni wa chifuwa choyera, umapezeka m'nkhalango za kumpoto kwa dziko lathu, monga ku Nyika ndi ku Misuku. Pa mfundo iyi lemur wapambana, ndipo ana ayenera kulemba choncho mosanyinyirika. Kutaya mtundu wopanda mbale mu genus yake n'kutaya nthambi yonse.

Musawerenge zilembo ziwiri zokha

Tsopano tsegulani tsamba la Red List la chilichonse. IUCN inakhazikitsidwa mu 1948, likulu lake lili ku Gland m'dziko la Switzerland, ndipo mndandandawu unayamba mu 1964. Mawu oti threatened pa mndandandawu akuphimba masitepe atatu: Vulnerable, Endangered ndi Critically Endangered. Choncho zonse ziwiri ndi threatened, kungoti lemur ali pa sitepe yapakati. Ana ambiri, ngakhale aphunzitsi ena, amaganiza kuti threatened ndi sitepe payokha yotsikirapo. Konzani zimenezi msanga.

Kenako aphunzitseni kuti chamoyo chimafika pa sitepe kudzera m'zipata zosiyana, zimene amazitcha criteria A mpaka E. Zitatu zokha n'zokwanira pa kalabu.

Chipata A chimayang'ana liwiro la kuchepa. Amayeza pa zaka 10 kapena pa mibadwo itatu ya chamoyocho, n'kutenga nthawi yotalikirapo. Ngati chochititsa kuchepako sichinasiye, kuchepa ndi 30 peresenti kumaika chamoyo pa Vulnerable, 50 peresenti pa Endangered, 80 peresenti pa Critically Endangered. Chipata B chimayang'ana kukula kwa dera limene chamoyo chimapezekamo: lochepera masikweya kilomita 20,000 pa Vulnerable, lochepera 5,000 pa Endangered, koma pokhapokha ngati palinso zizindikiro ziwiri, monga kudukaduka kwa deralo ndi kucheperachepera kwake. Chipata C chimawerenga zazikulu zotha kubereka: zochepera 10,000 pa Vulnerable, zochepera 2,500 pa Endangered, zikamapitirira kuchepa.

Lemur catta analowera pa chipata A. Dera lake ndi lalikulu ndithu, kum'mwera ndi kum'mwera chakumadzulo kwa Madagascar, koma akuti chiwerengero chake chikutsika ndi theka kapena kuposa pa mibadwo itatu, zimene kwa iye ndi zaka 36. Vuto la mbalameyi ndi la mtundu wina. Siinakhalepo yofala. Imakhala m'zidutswa za nkhalango yobiriwira chaka chonse pamwamba pa mapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, monga Mulanje, Thyolo, Zomba ndi Chiradzulu, komanso mapiri angapo a kumpoto kwa Mozambique monga Namuli, Chiperone ndi Mabu. Phiri lililonse lili palokha, pakati pake minda ndi midzi yokhayokha. Wina akugwa mofulumira kuchoka pamwamba, inayo inali kale pansi ndipo ikungotsetsereka pang'onopang'ono. Zilembo EN ndi VU, zoimira Endangered ndi Vulnerable, sizikuuzani zimenezi.

Pali chinthu china chimene ndimakakamira kuti ana achipeze okha. Pansi pa tsambalo pali mbiri ya masitepe amene chamoyocho chinakhalapo m'mbuyomu. Akayang'ana adzaona kuti Thyolo alethe inakhala pa Endangered kwa zaka zambiri, kenako n'kutsitsidwa kufika pa Vulnerable. Afunseni kuti chinachitika n'chiyani. Ambiri amayankha kuti mbalame zinachuluka. Ayi ndithu. Mu 2005 katswiri wina, Julian Bayliss, amene ankagwira ntchito ku Mulanje, anaona pa Google Earth chigamba chobiriwira pa phiri la Mabu m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Mu 2008 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi a Royal Botanic Gardens, Kew linapitako, n'kupeza nkhalango ya mahekitala oposa 7,000 isanakhudzidwe kwenikweni, ndipo Thyolo alethe inalimo yambiri. Manyuzipepala akunja ankati nkhalangoyo yatulukiridwa, chikhalirecho anthu a kumeneko ankaidziwa kalekale ndipo ena anabisalamo pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni. Chimene chinasintha ndi chidziwitso cha owerengera, osati moyo wa mbalame. Ku Malawi kuno zinthu zinali zikuipirabe pa nthawi yomweyo imene sitepe inkatsika. A IUCN eniake amasiyanitsa kusintha kwenikweni ndi kusintha kobwera chifukwa cha chidziwitso chatsopano, ndipo mwana amene wamvetsa kusiyana kumeneku waphunzira chinthu chimene chidzamuthandize ngakhale pa nkhani zosakhudza mbalame.

Za manambala a lemur, chenjeraninso. Mu 2016 ndi 2017 kunatuluka kafukufuku wonena kuti otsala kutchire angakhale pakati pa 2,000 ndi 2,400 okha. Akatswiri ena anatsutsa poyera kuti malo ambiri sanawerengedwe. Ana akapeza nambala imeneyi, ailembe pamodzi ndi chaka chake ndi mawu oti inatsutsidwa. Nambala imene ndimawalola kulemba popanda mkangano ndi ya IUCN ya mu 2020: mwa mitundu 107 ya malemur imene inayezedwa, 103 inali threatened, ndipo 33 mwa iyo inali pa Critically Endangered.

Tsatirani chakudya

Gawo ili ndi limene ndimachedwapo, chifukwa n'limene limalongosola kuti chamoyo chingapirire kusintha kapena ayi. Funso ndi limodzi: chimadya chiyani, ndipo chakudyacho chimadalira chiyani?

Thyolo alethe imadya tizilombo ta pansi pa nkhalango, ndipo njira yake yaikulu yotipezera ndi kutsatira linthumbu. Linthumbu likamayenda pa chigulu chake posaka, tizilombo tonse ta m'masamba owola timabalalika kuthawa: akangaude, ziwala, mphemvu za kutchire, nyongolotsi. Mbalameyi imatera pa kanthambi kapafupi ndi pansi kutsogolo kwa chigulucho n'kumatola zothawazo. Ndiye jambulani unyolo pa pepala: mbalame imadalira linthumbu, linthumbu la m'nkhalango limafuna nthaka yachinyontho ndi masamba owola, chinyonthocho chimafuna mthunzi wa mitengo yogundana pamwamba. Mukadula mitengo ikuluikulu yochepa chabe, dzuwa limalowa, pansi pamauma, ndipo unyolo umaduka ngakhale munthu woyang'ana ali kumsewu akuonabe phiri lobiriwira. Munda wa bulugamu kapena wa paini sulowa m'malo mwa nkhalango yotere. Pa Mulanje palinso china: nyengo yozizira zina mwa mbalamezi zimatsikira m'nkhalango za m'munsi mwa phiri, zomwe ndi zoyandikana kwambiri ndi minda ndi nkhwangwa. Kuteteza pamwamba pokha sikukwanira.

Lemur catta ndi wosasankha. Amadya zipatso, masamba, maluwa, makungwa, utomoni, ndi tizilombo akatipeza. Amakhala m'nkhalango za m'mbali mwa mitsinje, m'tchire la minga louma la kum'mwera, ngakhale m'matanthwe a ku Isalo ndi pamwamba pozizira pa mapiri a Andringitra. Mwa malemur onse, iyeyu ndiye amayenda pansi kwambiri. Koma m'nkhalango za m'mbali mwa mitsinje muli mtengo umodzi umene amaudalira zedi, umene eniake amautcha kily. Ana akaona chithunzi chake amafuula okha, chifukwa ndi bwemba. Zipatso ndi masamba a bwemba zimamudyetsa miyezi imene zakudya zina zasowa. Ngati pasukulu panu kapena pamsika wapafupi pali bwemba, bweretsani nthambi ndi zipatso zake pa tsikulo.

Za moyo wake ana amazikonda ndipo sizifuna kukakamiza. Amakhala m'magulu, nthawi zambiri a pakati pa 6 ndi 30, ndipo akazi ndiwo amalamulira: wamkazi amadya poyamba, wamwamuna amapatuka. M'mawa amakhala tsonga kuothera dzuwa manja ali tambalale. Amuna akamalimbirana akazi amapaka mchira fungo lochokera m'mikono ndi m'mapewa, n'kumaukupizira kwa mnzawo. Musalole kuti nthawi yonse ithere pa zimenezi. Mfundo yofunika pa kuteteza ndi ya kubereka: wamkazi amalola wamwamuna kwa tsiku limodzi kapena kucheperapo pa chaka, bere limatenga masiku pafupifupi 135, ndipo kawirikawiri amabereka mwana mmodzi, cha mu Seputembala. Chilala chikagwa, zimene kum'mwera kwa Madagascar zimachitika pafupipafupi, ana ambiri a chaka chimenecho amafa. Nyama yobereka chonchi sibwerera msanga ikachepa.

Pa mzere wa kupirira, ana alembe okha chigamulo chawo. Ine ndimaona kuti apa mbalame ndiyo ili pachiswe kwambiri. Lemur ali ndi njira zingapo zopulumukira. Mbalameyi ili ndi imodzi.

Zimene zikuzitha, ndi amene akuziimira

Pa zoopseza mudzapeza kuti mbali ziwiri za pepala zayambanso kufanana, ngakhale zinasiyana pa class. Makala, nkhuni, kutsegula minda yatsopano ndi moto wolusa zili uku ndi uku. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo, kumene mbalameyi inatengera dzina, inadulidwa pafupifupi yonse chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mapiri ozungulira Blantyre nawonso anameteka. Pokambirana zimenezi muzikumbukira kuti ena mwa ana anuwo makolo awo amawotcha makala kapena amalima m'phiri. Thyolo ndi boma la anthu ambiri pa malo ochepa, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'maesiteti a tiyi. Munthu wotsegula munda m'phiri sadana ndi mbalame. Mukayamba kuloza zala, ana amenewo amatseka pakamwa, chikhalirecho ndiwo amadziwa phirilo kuposa inu.

Lemur ali ndi adani awiri owonjezera. Amasakidwa ngati ndiwo, ndipo ana ake amagwidwa kuti akawetedwe m'nyumba ndi m'mahotela kumene alendo amajambulitsa nawo zithunzi. Lamulo la ku Madagascar linaletsa zimenezi kuyambira 1962, ndipo malemur onse ali pa Appendix I ya pangano la CITES la mu 1973, kutanthauza kuti kuwagulitsa kunja ngati malonda n'koletsedwa. Thyolo alethe mulibe mu CITES, ndipo ana amadabwa. Chifukwa chake n'chosavuta: CITES ndi pangano la malonda, ndipo palibe amene amagula mbalameyi. Lamulo limene limaikhudza ndi la nkhalango, Forestry Act ya mu 1997 imene inakonzedwanso mu 2020. Apa phunziro ndi loti mtundu wa chitetezo uyenera kugwirizana ndi mtundu wa chiopsezo.

Mzere wotsiriza ndi wa abwenzi. Lembani aliyense amene ali ndi chifukwa chofunira kuti chamoyocho chikhalepobe.

Mbali ya lemur imadzaza msanga. Ali m'mapaki a boma monga Isalo, Andringitra ndi Tsimanampetsotsa. Ali ku Berenty, m'mbali mwa mtsinje wa Mandrare, kumene banja la de Heaulme linasiya chidutswa cha nkhalango mu 1936 pamene linkatsegula minda ya khonje, ndipo kumeneko Alison Jolly anayamba kuphunzira za moyo wake m'zaka za m'ma 1960. Ali ku Anja, pafupi ndi tauni ya Ambalavao, malo a mahekitala pafupifupi 30 amene anthu a m'mudzi eniake amayang'anira kuyambira 2001. Kumeneko ndalama za pachipata ndi za operekeza alendo zimatsala m'mudzimo, ndipo malemur alipo mazanamazana. Kunja kwa Madagascar, Lemur catta ndi mmodzi mwa Primates ofala kwambiri m'malo oonetsera nyama padziko lonse, amaswana bwino m'manja mwa anthu, ndipo ku North Carolina ku America kuli Duke Lemur Center imene ntchito yake yaikulu ndi malemur.

Mbali ya mbalame imakhala yaifupi. Pali nkhalango yotetezedwa ya Mulanje, imene inakhazikitsidwa mu 1927, chaka chomwecho mbalameyi inalembedwa m'mabuku, ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust. Pali BirdLife International, amene amayeza mbalame zonse m'malo mwa IUCN, ndi mnzawo wa kuno kwathu, Wildlife and Environmental Society of Malawi. Pali tizidutswa ta nkhalango timene tinatsala m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, ndipo ana akhale maso aone kufanana kwake ndi Berenty: uku tiyi, uko khonje, ndipo konsekonse chotsala chinapulumuka mkati mwa mpanda wa esiteti, nkhani imene ili ndi mbali yake yowawa pa za malo. Pali alendo owerengeka okonda mbalame amene amabwera ndi zoonera patali. Basi. Simudzaipeza m'malo oonetsera nyama, palibe gulu losungidwa kwina loti lingadzabwezeretsedwe, ndipo nkhope yake siili pa malaya a aliyense.

Apa ndi pamene mumabwereza funso loyamba lija. Musafunse kuti ndi chiti chili pangozi kwambiri, chifukwa yankho lili kale pa Red List. Funsani kuti nkhalango zikatha mbali zonse ziwiri, ndi chiti chimene chidzakhalepobe penapake padziko lapansi. Kenako funsani kuti ndi chiti chimene kutha kwake kungachotse nthambi yaikulu pa mtengo wa zamoyo. Mafunso onse awiri yankho lake ndi lemur, koma amaloza kosiyana: loyamba likuti mbalame ndiyo yofunika kuipulumutsa msanga, lachiwiri likuti ndi lemur, ndipo mkangano umene umabuka ndi wabwino. Ine maganizo anga ndi oti mbalameyi ndiyo ili pafupi kutayika mwakachetechete kuno kwathu, ngakhale zilembo zake zili zofatsa, koma mwana amene wateteza mbali ya lemur ndi mfundo ya genus ya mtundu umodzi ndimamupatsa malikisi onse. Amene ndimamubweza ndi yekhayo wongoloza EN ndi VU n'kukhala pansi.

Pomaliza ana alembe pansi pa pepalalo tsiku limene anatsegula tsamba la Red List ndi chaka chimene kuyeza komaliza kunachitika, chifukwa masitepe amasintha ndipo pepala lidzakhala pakhoma zaka zingapo. Njira yomweyi imagwira pa zamoyo zina. Mukafuna mbalame imene imapezeka ku Malawi kokha, tengani yellow-throated apalis, Apalis flavigularis, ya ku Mulanje, Zomba ndi Malosa, imene ili pa Endangered, ndipo mudzakhala ndi ziwiri za sitepe imodzi koma nkhani zosiyana.

Amene sukulu zanu zili pafupi ndi Mulanje kapena Zomba mungathe kukaifuna mbalameyi. Pemphani chilolezo ku ofesi ya zankhalango ndipo mutenge woperekeza wodziwa phirilo. Pitani m'mamawa ndi kagulu kochepa, chifukwa ana makumi anayi amathamangitsa chilichonse. Musayang'ane m'mwamba m'mitengo. Yang'anani pansi mpaka mupeze linthumbu limene likusaka, lomwazikana m'masamba, osati longodutsa pa mzere umodzi. Imani chapatali kumbali kwake, musakhale kumene likulowera, ndipo mudikire osayankhula, maso ali pa tinthambi ta m'munsi. Mwana aliyense avale nsapato zotseka ndi buluku lalitali, ndipo miyendo ya bulukulo ailowetse m'masokosi musanalowe m'nkhalango.